Uphungu wa Kayafa pa Mtsinje wa Zambezi

Pa mafunso onse amene anthu anzeru akhala akusinkhasinkha chiyambire pamene ana a anthu adayamba kukhala m'midzi ndi kuikirana malamulo, palibe lina lolemetsa mtima monga ili, lakuti kodi nkoyenera kuti anthu owerengeka atayidwe kuti mtundu wonse upulumuke. Ndipo ngakhale funsoli tidazolowera kulimva m'nyumba za mapemphero pa nyengo ya Pasaka, pamene tikumbutsidwa za Kayafa, mkulu wa ansembe, amene adalangiza bwalo la akulu kuti imfa ya munthu mmodzi ikhale mtengo wa mtendere wa onse, si kawirikawiri timazindikira kuti uphungu womwewo ukuperekedwabe masiku athu ano, osati ndi ansembe ai, koma ndi nduna za maboma, akatswiri a zomangamanga ndi eni chuma, nthawi iliyonse pamene akhala pansi kupangana za kutseka mtsinje waukulu ndi khoma kuti madzi ake apukuse magetsi.

Mtsinje wa Zambezi utumphuka pa kasupe wonyozeka m'nkhalango ya kufupi ndi Mwinilunga, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ndipo usanakathire m'nyanja ya mchere ku Mozambique uyenda makilomita oposa 2,500, nulandira madzi a maiko 8: Angola, Zambia, Namibia, Botswana, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania ndi Malawi. Ife a ku Malawi, ngakhale ambiri mwa ife sitinauonepo ndi maso, tili ana a chigwa chomwecho, pakuti madzi onse otuluka m'nyanja yathu pa Mangochi atsika ndi Shire kukalowa m'Zambezi; ndipo mbiri yathu yomwe idakhotetsedwa ndi mtsinjewo, chifukwa mathithi a Cahora Bassa ndiwo adabweza ngalawa ya David Livingstone m'chaka cha 1858, namchititsa kutembenukira ku Shire. Mtsinje wotere, umene sudziwa malire olembedwa pa mapepala ku Ulaya, sungakhale wa mfumu imodzi. Komabe khoma likangomangidwa, zipata zake zimagwa m'manja mwa boma limodzi kapena bungwe limodzi, ndipo iye amene agwira zipatazo wagwira chakudya, tulo ndi moyo wa anthu amene sadzawaona nkhope, olankhula zinenero zimene iye sazimva.

Khoma la Kariba lidamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi kampani ya Mataliyana yotchedwa Impresit, potsata mapulani a katswiri wa ku France, André Coyne, ndi ndalama zobwereka, mwa zina ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Msinkhu wake ndi mamita 128, ndipo nyanja imene idabadwa kumbuyo kwake isunga madzi ambiri koposa nyanja ina iliyonse yopangidwa ndi manja a anthu. Isanayambe ntchitoyo padali mkangano waukulu, pakuti a ku Northern Rhodesia ankafuna kuti damu limangidwe pa mtsinje wa Kafue, m'kati mwa dziko lao, pomwe a ku Salisbury, likulu la Chitaganyacho, adakakamira Kariba, napambana, naika nyumba yoyamba ya makina ku gombe la kumwera, kumbali kwao. Ndipo ntchito yaikulu imene idalinganizidwa ya chigwa chathu cha Shire idakankhidwira pambali, kotero kuti Nyasaland, ngakhale adali m'Chitaganyacho, sadalandire nthambo ndi imodzi yomwe yochokera ku Kariba. Koma taonani kuti mkangano wonsewo udali wa akuluakulu okhaokha, wokhudza kumene phindu lidzagwere. Za amene adzasenze mtolo panalibe wokangana, popeza onse adali atavomerezana kale kuti amenewo ndi Atonga a m'chigwa cha Gwembe, amene sadaitanidwe ku bwalo.

Anthu pafupifupi 57,000 adachotsedwa, 34,000 ku gombe la kumpoto ndi 23,000 ku gombe la kumwera. Adali anthu okolola kawiri pa chaka, kamodzi ndi mvula ya kumwamba, kachiwiri m'matope a chonde amene mtsinje unkasiya ukaphwera. Adali ndi abale kutsidya, amene ankawayendera pa bwato kukakhuza maliro ndi kukafunsira mbeta. Adali ndi manda a makolo ao ndi akachisi kumene ankapempha mvula. Ndipo zonsezi zidamira, ubale womwe nudulidwa pakati ndi nyanja yosaoloka pa bwato. Anthu a Mfumu Chipepo atakana kusamutsidwira ku Lusitu, dziko louma lokhala ndi eni ake kale, apolisi adawaombera pa mudzi wa Chisamu m'Seputembala wa 1958, nafa amuna 8 amene adaima ndi nthungo ndi zibonga pamaso pa mfuti. Otsalawo adakwezedwa m'malole, ndipo m'miyezi yotsatira matenda adatenga ambiri, makamaka ana ndi akazi, monga adachitira umboni Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, amene adalondola moyo wa anthuwa kwa zaka makumimakumi. Pa nthawi yomweyo dziko lapansi linkachita chidwi ndi ntchito yopulumutsa nyama zotsekerezedwa pa zilumba, imene adaitcha dzina la Nowa, ndipo nyama pafupifupi 6,000 zidaolotsedwa. Sindinyoza chifundo chimenecho, pakuti nazonso nzolengedwa za Namalenga. Ndingozizwa kuti zithunzi za agwape onyamulidwa m'manja zidafika m'nyuzipepala za ku London, pomwe maliro a ku Lusitu adalirika ndi eni ake okha.

Komatu munthu asafulumire kuweruza kuti tsono damu lililonse ndi tchimo, ndi kuti wolungama ndiye amene asiya mtsinje monga adaupeza. Kusunga za chaka cha dzinthu kuti zidzadyedwe m'chaka cha njala ndiyo nzeru imene idakweza Yosefe m'nyumba ya Farao, ndipo damu, pa chiyambi chake penipeni, lichita chomwecho ndi madzi a dzinja. Ife tidziwa bwino mtengo wa mdima. Tiona njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikutsika kuchokera ku Neno ndi ku Mwanza kulunjika ku Blantyre mbandakucha, chifukwa mzinda wopanda magetsi okwanira uphika ndi nkhalango. Mapiri akameteka nthaka ikokoloka nikadzaza dziwe la Nkula, makina nafooka, magetsi nazima, anthu nabwereranso ku makala. Mai wobereka usiku m'chipatala chopanda nyali nayenso ndi mnansi wathu, monga alili mnyamata wowotcherera zitsulo amene akhala tsiku lonse manja ali m'khosi kudikira kuti magetsi ayake. Ndipo iye amene akana damu m'dzina la chilungamo akumbuke kuti nayenso wawerenga anthu, nasankha amene adzavutike, kungoti akewo afa mmodzimmodzi, mosaoneka, opanda wolemba maina ao. Walira mvula walira matope. Palibe njira ya pa mtsinje imene ilibe wotaya kanthu, ndipo chifukwa chake funso lathu silingathe pa kuvomera kapena kukana khoma.

Nanga cholakwa cha Kayafa chidali poti? Ine ndiyesa kuti sichidali m'kuwerenga, pakuti nzoona kuti ambiri aposa mmodzi. Chidali m'kuti wowerengayo adadziimika kunja kwa chiwerengero, naloza wina kuti ndiye afe, iye mwini nakhalabe pa mpando wake, nadzitcha mpulumutsi wa mtundu. Nsembe imene munthu aipereka yekha, atadziwa chimene ataya ndi chifukwa chake, ndi chinthu chopatulika, ndipo midzi yathu idakhazikika pa nsembe zotere. Koma imene ena ampereka iye, osamfunsa, nagawana phindu lake iye kulibe, ili ndi dzina lina, ngakhale itavekedwa mau okoma a chitukuko. Ndipo pano chipukuta misozi sichithetsa nkhani. Ahabu sadali mbala wamba: adalonjeza Naboti munda wina woposa wakewo, kapena ndalama za mtengo wake, ndipo mwa kuyesa kwa pa msika Naboti akadapindula, koma munthuyo adakana chifukwa mundawo udali cholowa cha makolo ake, chimene sichidali chake chokha kuti achigulitse, ndipo mneneri adatumidwa kwa mfumu, osati kwa mlimi. Pali zinthu zimene mwini wake yekha ndiye angathe kunena mtengo wake, kapena kunena kuti zilibe mtengo. Chotero kufunsa munthu khoma lisanamangidwe, pa nthawi imene kukana kwake kungathebe kusintha kanthu, si ulemu chabe woonjezera pa malipiro, koma ndiko kumene kusiyanitsa nsembe ndi kulanda.

Atonga ankanena kuti m'phompho la Kariba mukhala Nyaminyami, mzimu wa mtsinje, wa thupi la njoka ndi mutu wa nsomba, ndi kuti sadzalola kumangidwa. Ndipo pamene madzi osefukira a 1957 adaononga ntchito, nabwera a 1958 oposa oyambawo, nakokolola mlatho ndi kumiza tchinga limene amisiri adadzitetezera nalo, mau amenewo sadamvekenso ngati nthano. Antchito 86 adafa pomanga khomalo. Ife amene tidakula tikumva za Napolo wotsika m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, ndi za Mbona wa ku Khulubvi, amene mafumu omwe ankamtumizira mitulo, sitiyenera kuseka. Sindipempha wowerenga kuti akhulupirire njoka ya m'madzi. Chimene ndinena nchakuti m'chikhulupiriro chimenecho mudali chiphunzitso cha ufumu, chakuti pamwamba pa mfumu pali Mwini wina wa madzi, amene mfumu ingomsungira, nidzayankha kwa iye. Mantha amenewo ndiwo ankagwira dzanja la wamphamvu pamene panalibe wina wolimba mtima kuligwira. Sukulu zathu zidachotsa manthawo, ndipo mwina zidachita bwino, koma sizidaike kanthu pa malo pake, kotero kuti ntchito imene kale inkagwiridwa ndi kuopa mizimu iyenera tsopano kugwiridwa ndi malamulo ndi mapangano, zinthu zofooka koposa, popeza wozilemba ndi yemweyo woyenera kumangidwa nazo. Ndipo ngati alipo woyesa kuti nzeru za akatswiri sizisowa kudzichepetsa, akumbuke kuti m'Disembala wa 1959, chaka chomwecho chimene khoma la Kariba lidatha, damu la Malpasset ku France, lolinganizidwa ndi Coyne yemweyo, lidagumuka usiku nilipha anthu oposa 400.

Pali enanso amene kawerengedwe ka Kayafa kawaiwala kotheratu, chifukwa nyumba zao sizimira ndipo palibe lole lobwera kudzawasamutsa. Amenewa ndi anthu a kumunsi. Kwa munthu wa mu ofesi kusefukira kwa mtsinje ndi ngozi yoyenera kuthetsedwa, koma kwa eni chigwa kudali mphatso ya chaka ndi chaka, monga aonetsera Alozi mpaka lero pa mwambo wa Kuomboka, pamene Litunga, mfumu yao, akwera bwato la Nalikwanda kuchoka ku Lealui kunka ku Limulunga, ng'oma zikulira, osati mothawa mdani koma mopatsa njira mlendo wodziwika. Anyungwe ndi Asena a kumunsi kwa Tete, monganso Amang'anja a m'madimba a Shire, ankadziwa mwezi umene madzi adzakwera ndi umene adzaphwera, nabzala chimanga, mbatata ndi nyemba m'chinyontho chotsalacho. Apwitikizi adamanga damu la Cahora Bassa pakati pa 1969 ndi 1974, nkhondo ya FRELIMO ili m'kati, natsekera anthu a m'deralo m'midzi ya mpanda, naika makina a mamegawati 2,075 ndi nthambo za makilomita 1,400 zonka ku South Africa. Ndipo popeza migodi ndi mafakitale a ku Johannesburg afuna magetsi ofanana m'chilimwe ndi m'dzinja, mtsinje udalamulidwa kuyenda mofanana chaka chonse. M'chilimwe, pamene unayenera kuphwera, madzi adamiza madimba. M'dzinja, pamene unayenera kudzaza madambo, sudafike. Matope a chonde adatsalira pansi pa nyanja. Madambo a ku Marromeu adayamba kuuma, nsomba ndi tinkhanu ta kumatsiriro nizichepa. Choopsa koposa nchakuti anthu, poona kuti zaka zapita madzi osakwera, adatsika kukamanga m'malo amene makolo ao sakadagonamo. Ndipo m'chaka cha 1978, mvula itachuluka, a ku Kariba atatsegula zipata, a ku Cahora Bassa nawonso adatsegula zao zonse, nafa anthu oposa 40, ena oposa 100,000 nasowa pokhala. Madzi saiwala khwawa. Oiwala adali anthu, ndipo chidawaiwalitsa ndi khoma.

M'chaka cha 2007 dziko la Mozambique lidatenga magawo 85 mwa 100 a kampani yoyendetsa Cahora Bassa kuchoka m'manja mwa Portugal, ndipo kudali chikondwerero choyenera, pakuti nchamanyazi kuti mtundu wodzilamulira ukhale mlendo pa mtsinje wake. Koma mlimi wa ku Mutarara kapena ku Caia sadaone kusintha kwa kayendedwe ka madzi, chifukwa ogula magetsi adali omwewo, ndi zofuna zao zomwezo. Apa pali phunziro lowawa kwa ife amene tidazolowera kuika mlandu wonse pa atsamunda: mpando wa Kayafa sufunsa mtundu wa woukhalira.

Asodzi akale, potchinga mtsinje ndi biyo kuti atchere miono m'nyengo imene mpasa ndi sanjika zikwera kukaswa, ankasiya mpata, kuti nsomba zina zidutse, a kumtunda nawonso adye, ndi kuti mbeu ya nsomba isathe. Ndipo wotseka mtsinje wonse kuchokera gombe kufikira gombe ankakhala ndi mlandu kwa mfumu. Sadaleke kumanga biyo, koma sadayese kuti kukhala woyamba kufika pa mtsinje kukupatsa mtsinje wonse. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa amisiri a madamu. Pamene Zambia idamanga damu la Itezhi-Tezhi pa Kafue m'zaka za m'ma 1970, padaikidwa lamulo lakuti m'mwezi wa Malichi atulutse madzi okwana makyubiki mita 300 pa sekondi, kuti madambo a kumunsi anyowe, msipu wa ng'ombe za Aila umere, nsomba ziswane. Ndipo ngakhale lamulolo silidasungidwe mokhulupirika m'zaka zonse, makamaka za chilala, lidatsimikiza kuti khoma lingathe kuphunzitsidwa kukumbukira nyengo za mtsinje. Mpata wotere uli ndi mtengo wake, pakuti madzi otulutsidwa chifukwa cha ng'ombe sabweretsa ndalama zonse zimene akadabweretsa. Koma mtengo umenewo ndi umene ambiri ayenera kulipira ngati afuna kuti kuwala kwao kusakhale kobedwa.

Tsono pakati pa maiko, mfumu yozenga mlandu wa wotseka mtsinje ndani? Maiko a SADC adasainirana pangano la madzi ogawana m'chaka cha 1995, nalikonzanso ku Windhoek m'chaka cha 2000, ndipo m'menemo muli mfundo zimene dziko lapansi lavomerezana: kuti dziko lililonse ligwiritse ntchito madzi mwachilungamo ndi mosapyola muyeso, kuti lisapweteke anzake kwakukulu, ndi kuti lidziwitse anzake miyezi 6 lisanayambe ntchito yokhudza iwo. Mau ake ngokoma, koma aliyense asankhamo omkomera: wa kumtunda akonda mfundo ya kugawana mwachilungamo, popeza imlola kumanga, wa kumunsi akonda ya kusapweteka mnzako, popeza imlola kuletsa, monga tiona Ethiopia ndi Egypt akukokana pa mtsinje wa Nile chiyambire 2011. Bungwe la ZAMCOM, loyang'anira chigwa chonse cha Zambezi, pangano lake lidasainidwa ku Kasane m'chaka cha 2004, koma lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2011, ndipo Zambia, dziko lokhala ndi gawo lalikulu koposa la chigwachi, idazengereza zaka zingapo isanalowemo. Bungweli, limene likulu lake lili ku Harare, lisonkhanitsa chidziwitso, lilangiza, liyanjanitsa. Ndodo yokwapulira lilibe. Limene lili ndi mano ndi Zambezi River Authority, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1987 ndi Zambia ndi Zimbabwe kuti lisunge khoma la Kariba ndi kugawa madzi chaka ndi chaka pakati pa magombe awiriwo. Ndipo m'Novembala wa 2022, a gombe la kumwera atatsiriza gawo lao nyanja itatsala pang'ono kufika pa muyeso womaliza, bungwelo lidawalembera kuti aleke kupukusa, ngakhale boma la Zimbabwe ndi mmodzi wa eni ake a bungwelo. Kapitao wotha kukaniza mbuye wake chifukwa cha pangano ndi chinthu chosowa m'maiko athu, ndipo ndichiyamikira. Koma Mozambique, amene alandira madzi onse otuluka pa zipata za Kariba, alibe mpando m'bungwe limenelo.

Chimene chiyenera kufewetsa mitima ya maboma, ngati chilungamo chokha sichikwanira, nchakuti pa mtsinje uwu pafupifupi aliyense ali kumtunda kwa wina ndi kumunsi kwa winanso. Malawi ali kumtunda kwa Mozambique pa Shire, ndipo ngalande yaikulu yothirira minda ya ku Chikwawa, yoyambira pa Kapichira, idalinganizidwa kutenga madzi amene akadatsikira kwa anansi athuwo. Koma ali kumunsi kwa Tanzania, pakuti Ruhuhu, mtsinje waukulu koposa yonse yothira m'nyanja yathu, uchokera kumeneko, ndipo Zambezi akadzaza amabweza madzi a Shire mpaka kumiza madambo a ku Nsanje. Magetsi athu pafupifupi onse akhala akuchokera pa mtsinje umodzi, ku Nkula kuyambira 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira, mtsinje umene udaleka kuyenda kuchokera cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 nyanja itatsika. Ndipo m'Januwale wa 2022 namondwe wa Ana adaswa khoma la Kapichira, natichotsera mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi. Ngakhale m'kati mwa dziko lathu lomwe mkanganowu ulipo: m'chaka cha 2024, nyanja itakwera nimiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi, eni ake adafuula kuti zipata za pa Liwonde zitsegulidwe, pomwe a ku Chikwawa ndi Nsanje ankadziwa kumene madzi amenewo akagone. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo labwino la mtsinje ndi limene dziko lingalivomere lisanadziwe ngati pa mlandu wotsatira lidzakhala logwira zipata kapena loyembekeza madzi kumunsi. Ndipo amene aumirira ufulu wonse wa wa kumtunda lero akudzisulira yekha unyolo umene adzamangidwa nao pa mtsinje wina.

Osabadwa nawonso ali kumunsi, ngakhale kumunsi kwao nkwa zaka, osati kwa mtunda. Madzi ogwa pa zipata za Kariba adakumba thanthwe la patsinde pa khoma mpaka dzenje lidazama mamita oposa 80, ndipo kuyambira 2017 padafunika madola pafupifupi 300 miliyoni kuti dzenjelo likonzedwe ndi zipata zichiritsidwe, ndalama zimene adazifunafuna ndi adzukulu a anthu amene sadafunsidwe. Ndipo mvula imene amisiri adawerengera m'zaka za m'ma 1950 si imene igwa lero: m'chaka cha 2024, chomwecho chimene nyanja yathu idasefukira, ya Kariba idaphwa kotero kuti mabanja ambiri a ku Zambia ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Womanga khoma la zaka 100 alonjeza m'dzina la mitambo imene sailamulira, ndipo achita bwino kulonjeza pang'ono, ndi kusaika chiyembekezo chonse cha mtundu pa mtsinje umodzi pamene dzuwa ndi mphepo zilipo.

Za Atonga, akulu adati mlandu suola. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, patapita zaka 40, padakhazikitsidwa thumba la chitukuko cha chigwa cha Zambezi ndi ntchito yokonza miyoyo ya anthu a ku Gwembe, zimene zidamanga sukulu, zipatala ndi zitsime zina. Zidali zochepa poyerekeza ndi chotayikacho, ndipo ambiri oyenera kulandira adali atagona kale m'manda a kuchilendo, koma zidali chivomerezo chakuti ngongoleyo ilipo. M'chaka cha 2000 bungwe lofufuza za madamu pa dziko lonse, lotsogozedwa ndi Kader Asmal wa ku South Africa, lidapeza kuti anthu pakati pa 40 ndi 80 miliyoni adasamutsidwa ndi madamu, nililangiza kuti otaya malo azikhala oyamba kudya phindu, osati omaliza. Maboma ambiri adalandira uphunguwo ndi nkhope zozizira, nati udzachedwetsa chitukuko. Udzachedwetsadi, koma papsa tonola sudziwa mtima wa moto, ndipo sindidziwa kuti kufulumira kwa 1958 kudapulumutsa chiyani chimene chikadatayika mwa kukhala pansi ndi anthu a Chipepo chaka chimodzi kapena ziwiri.

Makoma ena ali m'njira: la Batoka, kumunsi kwa mathithi a Victoria, la mamegawati 2,400, la Mphanda Nkuwa, makilomita 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, la mamegawati 1,500, la Mpatamanga pa Shire pathu. Koma limene ndiliyang'ana koposa ndi laling'ono, la pa Songwe, mtsinje wa malire a Malawi ndi Tanzania, umene ukasefukira umasintha njira, kotero kuti munda umene chaka chino uli ku Karonga chaka cha mawa upezeka ku Kyela, mwini wake osasuntha phazi. Maboma awiriwa adakhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira mtsinjewo, napangana kuti mamegawati 180 a damu limene afuna kumanga adzagawidwe pakati ndi pakati, ndipo pa mlandu wa pakati pa maiko achita zimene a Chitaganya adalephera. Watsala mlandu wa pakati pa maboma ndi anthu ao. Mabanja a m'mapiri amene minda ndi manda ao zidzamira, ndi alimi a mpunga a ku Kaporo ndi a kutsidya amene adalira matope a mtsinjewo, ali ndi mafumu ao, mipingo yao ndi zinenero zomveka magombe onse awiri, kotero kuti palibe chifukwa chonenera kuti nkovuta kuwasonkhanitsa. Ndipo mwala woyamba usanaikidwe ayenera kumva m'zinenero zaozo, nayankha, kuti madzi adzatsegulidwa mwezi uti ndi ochuluka motani, kuti nthambo idzayamba kulowa m'midzi iti, ndi kuti bungwelo likadzaphwanya mau ake, iwo adzakalisumira ku bwalo liti.